Madalaivala a Mpikisano Amene Anamenya Nkhondo M'mwamba

Mpikisano wa 1914

Mu Meyi 1914 kunali mpikisano wa galimoto ku Indianapolis, m'dziko la America. Msewu wake unali wa njerwa. Galimoto zinalibe denga, ndipo pambali pa dalaivala pankakhala makaniko wake. Mwa opikisanawo munali Georges Boillot wa ku France ndi Eddie Rickenbacker wa ku America. Patangopita miyezi iwiri, Nkhondo Yoyamba ya Dziko Lonse inabuka.

Boillot

Kwawo Boillot anali wotchuka zedi. Anapambana mpikisano waukulu wa dzikolo mu 1912 ndi 1913 pa galimoto ya Peugeot. Nkhondo itayamba, anamupatsa ntchito yoyendetsa mkulu wa asilikali, Joseph Joffre. Mtima wake sunali pamenepo, choncho anaphunzira kuyendetsa ndege. Mu Meyi 1916 ndege za Ajeremani zinamugwetsa, ndipo anamwalira ali ndi zaka 31.

Rickenbacker

Rickenbacker anabadwira ku Columbus mu 1890, m'banja losauka. Bambo ake atamwalira mu 1904, anasiya sukulu n'kuyamba ntchito m'mafakitale. Za injini anaziphunzira ndi manja ake, mafuta ali m'zikhadabo.

Mu 1917 anapempha kuti madalaivala a mpikisano apange gulu lawo la oyendetsa ndege. Akuluakulu a asilikali anakana. Ankafuna anyamata a kukoleji. Nayenso anangomupatsa galimoto kuti aziyendetsa mabwana ku France. Apa akuluakuluwo analakwitsa kwambiri. Ndege za nthawiyo zinali zamatabwa ndi nsalu, ndipo injini inkatha kuzima m'mwamba momwemo. Munthu wozindikira vuto la injini pongomva kulira kwake ndiye ankafunika.

Msilikali wina wamkulu, Billy Mitchell, anamuthandiza kulowa maphunziro a ndege.

M'mwamba

Rickenbacker anagwetsa ndege yoyamba pa 29 Epulo 1918. Sankachita zinthu mwaphuma. Ankayang'ana yekha injini ndi mfuti zake asananyamuke. Kusamala kunali koyenera, chifukwa oyendetsa ndege a ku America sankapatsidwa parachuti. Ndege ikagwira moto, kunalibe kothawira.

Pomwe nkhondo inkatha mu Novembala 1918, anali atagwetsa ndege ndi mabaluni 26, kuposa Mmereka wina aliyense.

Nkhondo itatha

Kenako anatsogolera kampani ya ndege ya Eastern Air Lines kwa zaka zambiri. Mu 1942 ndege imene anakwera inagwera m'nyanja ya Pacific, ndipo anayandama m'kabwato ka mphira masiku 24 asanapulumutsidwe. Anamwalira ku Zurich mu 1973, ali ndi zaka 82.