Coober Pedy: tawuni imene anthu ake amagona pansi pa nthaka

Wochokera ku Adelaide amayenda makilomita pafupifupi 850 pa msewu wa Stuart Highway asanafike ku Coober Pedy, pakati pa chipululu cha South Australia. Akamayandikira amayamba kuona milu ya dothi loyera, zikwizikwi, itaima ngati zulu pamalo opanda mtengo. Pafupi ndi milu imeneyi pali maenje akuya, ndipo zikwangwani zimachenjeza mlendo kuti asathamange kapena kuyenda chafutambuyo, kuopa kugweramo.

Mbiri ya tawuniyi inayamba ndi ludzu. Kumayambiriro kwa 1915, Jim Hutchison ndi anzake ankafunafuna golide m'derali atakwera ngamila, madzi n'kuwathera. Akuluakuluwo atapita kukasaka madzi anasiya mwana wa Jim, Willie, wa zaka 14, kuti alondere msasa. Mnyamatayo sanakhazikike. Nkhani imati anabwerako kutada, atanyamula miyala ya opal m'thumba, madzinso atawapeza.

Opal ndi mwala wonyezimira mitundumitundu ukautembenuza padzuwa. Unapangika kalekale, pamene madzi okhala ndi silika ankalowa m'ming'alu ya miyala imene nyanja yakale inasiya, n'kuuma pang'onopang'ono. Ndiye chifukwa chake okumba amapeza nthawi zina zigoba za nkhono za m'nyanja zitasanduka opal.

Njanji yodutsa kumwera kwa Australia itamalizidwa mu 1917, ena mwa omwe ankaimanga anabwera kudzayesa mwayi. Anatsatira asilikali obwerera ku nkhondo yoyamba ya dziko lonse, anthu ozolowera kukhala m'ngalande. Mitengo yomangira kunalibe, ndipo nyengo yotentha kumapitirira madigiri 40. Iwo anangoboola m'mbali mwa zitunda n'kukhala momwemo. M'nyumba zoterezi kumakhala pafupifupi madigiri 23 chaka chonse, usana ndi usiku. Dzina loti Coober Pedy linakhazikitsidwa mu 1920. Kale ankati Stuart Range Opal Field.

Madzi ndiwo anapitiriza kulamulira moyo wa pamalopo. Boma linamanga thanki yaikulu ya pansi yosungira madzi a mvula, koma mvulayo n'kosagwa, moti anthu ankalandira madzi moyeza. Mitengo ya opal itagwa m'zaka za m'ma 1930, ambiri anachoka ndipo tawuni inatsala pang'ono kufa.

Amene anaidzutsa ndi mayi wa mtundu wa eni nthaka, Tottie Bryant, yemwe anapeza opal wochuluka pamalo otchedwa Eight Mile cha m'ma 1946. Ine zimandipweteka kuti msewu waukulu wa tawuniyi umatchedwa Hutchison Street pamene dzina la mayiyu mlendo amachita kulifufuza. Anthu a mtundu wake anakhala m'chipululumu zaka zosawerengeka akudziwa pamene pali madzi, komabe ufulu wa eni dera lino, a Antakirinja Matu-Yankunytjatjara, pa nthakayi unavomerezedwa ndi khoti mu 2011.

Ku Eight Mile komweko kunapezeka mwala wotchuka wa Olympic Australis mu 1956, wolemera makilogalamu oposa 3. M'zaka za m'ma 1960 kunasefukira Agiriki, Ataliyana ndi anthu a ku Yugoslavia, othawa umphawi wa pambuyo pa nkhondo. Anabweretsa zakudya zawo ndi mapemphero awo. Tchalitchi cha Serbian Orthodox anachisema m'thanthwe, pansi pa nthaka, ndipo cha Katolika nacho chili pansi. Kuli ngakhale bwalo la gofu lopanda udzu, kumene wosewera amanyamula kachidutswa ka kapinga wochita kupanga koikapo mpira.

Msewu wa Stuart Highway unathiridwa phula wonse mu 1987, alendo n'kuyamba kuchuluka. Lero mlendo amagona m'hotela ya pansi, amaloledwa kufukula m'milu ina ya dothi kufuna timiyala totsalira, ndipo amapita kukaona mpanda wa Dog Fence, wa makilomita oposa 5,000, wotchinga agalu a m'tchire kuti asafike ku nkhosa.

Okumba achepa, ambiri akalamba, ndipo kalembera wa 2021 anapeza anthu osakwana 1,600. Madzi amachokera pa chitsime chakuya makilomita oposa 20 kunja kwa tawuni, ndipo amayamba achotsedwa mchere asanafike pa mpopi, zomwe zimawakweza mtengo kwambiri. Khonsolo yaing'ono ya tawuniyi yomwe inasenza ntchito ya madzi ndi magetsi inamira m'ngongole, mpaka mu 2019 boma la South Australia linaiimitsa n'kuika munthu wake woyendetsa tawuniyo.