Shuga Wofiira: Momwe Anakhalira Mankhwala ku China

Ife amene timasamalira okalamba kuno kunja timakumana ndi agogo ochokera ku China amene, chimfine chikawagwira, amapempha madzi otentha othiramo jinja ndi shuga wabulauni. Iwo amamutcha hong tang, kutanthauza shuga wofiira, ndipo amamuyesa mankhwala. Chikhulupiriro chimenechi chinayamba kalekale.

Anthu a ku China anadziwa nzimbe kuyambira makedzana, koma luso lopanga shuga wabwino analiphunzira ku India. M'chaka cha 647, mfumu Taizong ya ufumu wa Tang inatumiza nthumwi ku Magadha kuti zikaone kaphikidwe ka madzi a nzimbe. Pofika 659, shugayu anali atalembedwa kale m'buku la mankhwala lotchedwa Xinxiu Bencao, limene boma lenilenilo linalamula kuti lilembedwe. Patapita zaka mazana ambiri, sing'anga wotchuka Li Shizhen anamutchulanso m'buku lake lalikulu, Bencao Gangmu, limene anamaliza mu 1578 ndipo linasindikizidwa mu 1596, iye atamwalira kale.

Asing'anga a kumeneko amagawa zakudya m'magulu: zina zotenthetsa thupi, zina zoziziritsa. Shuga wofiira anaikidwa pa zotenthetsa ndi zoyendetsa magazi. N'chifukwa chake amamwetsedwa kwa wogwidwa chimfine, kwa mayi womva kupweteka ali kumwezi, makamakanso kwa amene wangobereka kumene. Mayi wotere amabindikira mwezi wathunthu, pa mwambo wa zuo yuezi umene umatikumbutsa chikuta cha kwathu, ndipo madzi a shuga wofiira amakhala m'gulu la zakumwa zake.

Nanga zachipatala za lero zikuti bwanji? Shugayu ali ndi ayironi ndi michere ina yotsalira kuchokera ku nzimbe, koma ndi yochepa kwambiri moti singachize kuchepa kwa magazi. Mbali yaikulu ndi shuga basi, ndipo kwa wodwala matenda a shuga ngwoopsa chimodzimodzi ndi woyera.

Choncho agogo akatipempha chakumwachi, tisawaseke, pakuti akutsata mwambo wa zaka zoposa 1,300. Tiyambe taona zolembedwa za matenda awo. Ngati alibe matenda a shuga, tiwapatse mwaulemu; ngati ali nawo, tikambirane ndi namwino wamkulu pamodzi ndi achibale awo.