Khansa ya melanoma ya m'diso: tanthauzo la mau akuti cotupa cafa mkati

Wodwala akauzidwa ku cipatala kuti cotupa ca m'diso mwake cafa mkati, n'zosavuta kuti acibale aganize kuti matenda atha, cakhalako n'kudikila cabe kuti diso lipole. Mauwa satanthauza zimenezo. Talemba nkhaniyi kuti amene timapelekeza odwala ku Lusaka tizimva zimene madokotala a maso akunena.

Melanoma ndi khansa imene imayambila m'maselo opanga mtundu wakuda wa khungu, tsitsi ndi maso. Maselo amenewa alinso mkati mwa diso, m'kacikopa kodzala ndi mitsempha ya magazi kamene kali kuseli kwa mbali yoyela ija. Zotupa zambili za melanoma ya m'diso, pafupi-fupi 9 mwa 10 zilizonse, zimamela cakumbuyo, kumene munthu sangazione pa galasi. Ku America matendawa amagwila anthu pafupi-fupi 5 pa miliyoni iliyonse pa caka, ndipo ambili mwa iwo ndi azungu. Pakati pa anthu akuda sakwana ngakhale mmodzi pa miliyoni. Kucepa kumeneku kuli ndi vuto lake: matenda osowa sawaganizila msanga.

Tisaisokoneze ndi khansa zina za maso zimene zimaoneka kawili-kawili kuno kwathu: kanyama koyela kapena kofiilila komela pamwamba pa diso, makamaka kwa anthu amene ali ndi HIV ndiponso ogwila nchito padzuwa, ndi khansa ya ana aang'ono imene imayeletsa mboni ya diso. Zonse ziwilizi zimafunikanso cipatala mwamsanga.

Kodi cotupa cimafa bwanji? Cikakula mofulumila, magazi sakwanila kufika pakati pake, ndipo maselo a pamenepo amafa. Madokotala amacha zimenezi necrosis. Kawili-kawili maselo a m'mbali amakhala akali amoyo, ndipo ena angakhale atayenda kale ndi magazi kupita kwina. Mnofu wakufawo umautsa kutupa: diso limafiila, limapweteka koopsa, limalimba ngati mwala, nthawi zina cikope conse cimatupa. Zizindikilozi zimafanana ndi za diso limene lalowa tizilombo, n'cifukwa cake munthu angathe milungu akudontheza mankhwala ogula yekha, kapena madzi a masamba ndi mizu. Mankhwala ena odontheza amacepetsadi kufiila kwa masiku angapo, koma cotupa cili cikhalile.

Diso likakhala ndi magazi kapena utsi mkati, dokotala sangaone kumbuyo ndi toci yake. Apa m'pamene sikani imathandiza. Yoyamba ndi ya ultrasound, ya mtundu umodzi ndi ija ya azimai apakati. Amapaka mafuta otelela pa cikope cotseka n'kuikapo kacipangizo, ndipo sipweteka. Melanoma imaoneka ngati kacitunda, kapena ngati bowa ikaboola kacikopa kamene kamaiphimba, ndipo amaipima kutalika ndi kufupika kwake m'mamilimita. Cotupa cimene cafa mbali zina cimaoneka cosokonezeka, mwina ngati magazi oundana, ndiye dokotala angapemphenso MRI. Pa MRI amabaya mankhwala mumtsempha: mnofu wamoyo umawala cifukwa magazi akufikamo, pamene mbali yakufa siwala. MRI imaonetsanso ngati cotupa catulukila kunja kwa diso.

M'maiko ena zotupa zing'ono-zing'ono amaziocha ndi kambale ka radiation kosokeledwa kunja kwa diso kwa masiku ocepa. Koma cotupa cacikulu, m'diso lopweteka limene laleka kuona, nthawi zambili cimafuna kucotsa diso lonse. Tikudziwa kuti mau amenewa ndi olemela, ndipo m'mabanja mumakhala kukokana, ena akuti tiyambe tayesa kwina. Tingonena kuti diso lotelo silidzaonanso ngakhale litasiyidwa, ndipo bala likapola amaikamo diso lopanga lofanana ndi linzake.

Diso locotsedwalo amalitumiza ku labotale, ndipo kumeneko ndiko kumacokela yankho lotsimikizika. Amalidula tizidutswa topyapyala koposa tsamba la anyezi, n'kutiyang'ana pa makina okulitsa tinthu tating'ono. Kuyambila mu 1931, pamene dokotala wa ku America George Callender anagawa maselo a khansayi m'magulu, akatswili amayang'ana maonekedwe ake: maselo aatali owonda amakhala ofatsilako, pamene aakulu obulungila amafalikila msanga. Amaonanso kukula kwa cotupa ndi ngati cinadutsa khoma la diso. Cotupa cikakhala kuti cinafa kwambili, maselo saoneka bwino, ndiye amafunika kupaka mankhwala ena apadela kuti atsimikize kuti ndi melanoma. Ici ndi cimodzi mwa zifukwa zimene zotsatila zimacedwela. Musaleke kukazitenga poona kuti bala lapola.

Melanoma ya m'diso imayenda ndi magazi, ndipo kumene imakonda kukafikila ndi ku ciwindi. Pafupi-fupi theka la odwala imadzawaonekelanso kwina m'thupi, ena patapita zaka zoposa 10. Conco wodwala amapatsidwa masiku obwelela kukapima ciwindi ndi magazi, ngakhale akumva bwino ndipo akulima monga kale.

Kwa ife a ku Chongwe, njila imayambila pa kiliniki yapafupi ndi pa Chongwe District Hospital, kumene amalemba kalata yotumizila wodwala ku cipatala ca maso ca UTH ku Lusaka, ulendo wa makilomita pafupi-fupi 45 pa Great East Road. Cancer Diseases Hospital, imene inatsegulidwa mu 2007, ili pafupi pomwepo. Popita nyamulani kalatayo, makadi onse akale, ndi mabotolo a mankhwala alionse amene wodwala wakhala akudontheza m'diso.