KUTERA KOSAONA PANSI

M'miyezi ya June ndi July, chiperoni chikakuta phiri la Bunda ndi la Nkhoma, ife a ku Mitundu ndi Nathenje timamva ndege ikulira m'mitambo, koma osaiona. Ana amathamangira pabwalo, nayang'ana kumwamba, nabwerera chimanjamanja. Kodi munayamba mwadzifunsa, abale anga, kuti woyendetsa ndegeyo, amene nayenso sakutiona, adzalipeza bwanji bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi?

Kale oyendetsa ndege ankadalira maso okha, natsata mitsinje, njanji ndi mapiri monga achitira mlendo wapansi. Pa 24 September 1929, ku America, Jimmy Doolittle ananyamuka, nazungulira, natera ali wophimbidwa m'chipinda chake, akungoyang'ana zipangizo ndi kutsata chizindikiro cha wailesi. Kuchokera pamenepo idakula njira yotchedwa ILS. Pabwalo pamatuluka zizindikiro ziŵiri za wailesi: china chimasonyeza pakati pa msewu woterapo, china chimasonyeza matsikidwe, potsetsereka pang'ono ngati madigiri 3. Wa pa nsanja amauza woyendetsa kulemera kwa mpweya, mphepo, ndi pamene ayenera kulekezera kutsika. Woyendetsayo amabwereza mawuwo kuti onse aŵiri atsimikize kuti amvana. Akafika pa msinkhu woikika, kaŵirikaŵiri mapazi 200, osaona nyali za bwalo, lamulo lake n'limodzi: akwerenso.

Lamulo limeneli silinalembedwe ndi inki yokha. Usiku wa pa 19 October 1986, Pulezidenti Samora Machel wa Mozambique ankabwerera kwawo kuchokera ku Mbala, m'dziko la Zambia, pa ndege ya mtundu wa Tupolev 134. Poyandikira Maputo ndegeyo inakhotera kumanja nthaŵi isanakwane, oyendetsa akutsata chizindikiro chimene ankayesa kuti n'cha bwalo lawo. Wa pa nsanja anawalola kutsika kufika mapazi 3,000, kuti akaona nyali za bwalo amuuze. Nyalizo sanazione, ndipo chizindikiro cha ILS sichinawafike. Mmalo moganiza kuti asokera, iwo anaganiza kuti ku Maputo magetsi azima, nayamba kufunsana ndi wa pa nsanja za nyali, wina akunena izi, wina akumva zina. Nthaŵi yonseyo ndege inkatsikabe. Chipangizo chochenjeza kuti nthaka yayandikira chinalira masekondi 32, koma sanakwere. Anagunda phiri ku Mbuzini, m'dziko la South Africa, ndipo anthu 35 anatisiya.

Bungwe lofufuza la woweruza Cecil Margo linati olakwa anali oyendetsa. Akatswiri a Soviet Union anati panali chizindikiro chonyenga chimene adani anatchera dala. Mkanganowo sunathe mpaka lero, ndipo ine sindine woweruza wake. Chimene chimandisautsa ndi masekondi aja: ngakhale wowasokeretsa akadakhalapo, mpata wokwera unalipo.

Zoterezi tinkaziyesa za kwa eni, kufikira pa 10 June 2024. M'maŵa wa tsikulo ndege ya asilikali ya Dornier 228 inanyamuka pa bwalo la Kamuzu kupita ku Mzuzu, itanyamula Wachiŵiri kwa Pulezidenti, Dr Saulos Chilima, mkhristu mnzathu, amene ankapita ku maliro a Ralph Kasambara. Kumpoto kunali nkhungu. Ndegeyo inagwa m'nkhalango ya Chikangawa, ndipo inapezeka tsiku lotsatira, anthu onse 9 atamwalira. Ambiri a inu munaima m'mbali mwa msewu pa Nathenje pamene thupi lake linkadutsa kupita ku Nsipe.

Akatswiri a ku Germany, m'lipoti lawo lomaliza la chaka cha 2025, anati oyendetsa ankauluka motsata malamulo odalira maso, m'munsi kwambiri, naloŵa m'mitambo momwe maso sathandiza, ndipo anagunda chitunda. Anapezanso kuti ndegeyo inalibe makina osunga mawu a oyendetsa, kuti zokambirana zawo ndi a pansi sizinajambulidwe, ndiponso kuti batire la kachipangizo kothandiza kupeza ndege ikagwa linali litatha nthaŵi yake m'chaka cha 2004.