Matutu a ku Dwambazi ndi chonde chosaoneka

Kwathu ku Dwambazi, komwe boma la Nkhotakota limachitira malire ndi Nkhata Bay, dothi lambiri la m'mbali mwa nyanja ndi mchenga. Mvula imagwa yochuluka, koma imalowa pansi mwachangu n'kukokolola chonde kupita nacho komwe mizu siifika. Makolo athu ankaliwerenga dothi lotere ndi maso. Pomera nsenjere ankati pali mphamvu, ndipo kaufiti akafiira m'chimanga ankadziwa kuti munda watopa.

Chinangwa, chomwe Apwitikizi anabwera nacho mu Africa kuchokera ku Brazil, ankachibzala m'matutu. Mlimi ankasosa udzu, kuuunjika, n'kuukwirira ndi dothi mpaka kupanga kachulu, kenako n'kuzika mitengo ya chinangwa pamwamba. Kondowole amene tinakulira anachokera m'matutu amenewa. M'zaka za m'ma 1940 ndi 1950, boma la atsamunda linabweretsa malamulo a malimidwe okakamiza mizere, ndipo matutu anatchedwa ulimi wachikale wokokolola nthaka. Pamalo otsetsereka mizere inathandizadi. Koma chimandipweteka n'chakuti olamulawo anayang'ana kunja kwa matutu, osafunsa zomwe zinkachitika mkati mwake.

Mkatimo munali tizilombo tosaoneka ndi maso, mabakiteriya ndi nkhungu, tikudya udzu uja. Udzu wouma uli ndi nayitrojeni wochepa, choncho tizilomboti tikayamba kuudya timatenganso nayitrojeni wa m'dothi n'kumusunga m'matupi mwawo. Ichi n'chifukwa chake chimanga chobzalidwa pa udzu wongokwiriridwa kumene chimachita chikasu. Chinangwa chilibe changu chotero. Chimakhala m'munda chaka kapena kupitirira, ndipo tizilombo tija tikamafa, nayitrojeni amatuluka pang'onopang'ono, mizu ili pomwepo kudikira. Pa mchenga, matupi a tizilomboti ndiye nkhokwe yomwe mvula singaikokolole.

Akatswiri anachedwa kufika pamfundo imeneyi. Mu 1883, Johan Kjeldahl wa ku Copenhagen anapeza njira yoyezera nayitrojeni yense ali m'chinthu, koma nayitrojeni wambiri wa m'dothi ndi womangika, mbewu singamudye chaka chomwecho. Mu 1958, H. F. Birch, akugwira ntchito ku Kenya, anasonyeza kuti dothi louma likanyowa limatulutsa nayitrojeni wambiri mwadzidzidzi, kenako n'kuchepa. Aliyense wolima kuno amadziwa kuti wobzala ndi mvula yoyamba amakolola kuposa wochedwa, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake n'chimenechi: chilimwe chimapha tizilombo tambiri, mvula ikagwa otsala amadya anzawo akufawo, chonde n'kumasuka kwa masabata ochepa. Ukachedwa, pa mchenga wathu chapita.

Mu 1976, David Jenkinson ndi David Powlson a ku Rothamsted ku England anatulukira njira yoyezera tizilomboto. Ankafukiza dothi ndi chloroform kuti tife, n'kuyeza mpweya wotuluka pamene matupi awo akuola, poyerekeza ndi dothi losafukizidwa. Pofika 1985 njirayi inali itakonzedwanso kuti iziyeza nayitrojeni wa m'matupimo. Anapeza kuti nayitrojeni ameneyu ndi gawo laling'ono la nayitrojeni yense wa m'dothi, komabe ndi gawo lomwe limazungulira mofulumira ndi kudyetsa mbewu.

Kuno kwathu nkhani inapita kwina. Kwa zaka zambiri alangizi ankanena muyeso umodzi dziko lonse, makilogalamu 92 a nayitrojeni pa hekitala ya chimanga cha haibulidi, ngati kuti katondo wa ku Lilongwe ndi mchenga wa ku Dwambazi ndi chimodzimodzi. Starter Pack ya 1998 ndi makuponi a feteleza oyamba mu 2005 zinapulumutsa mabanja ambiri ku njala, ndipo sindingazinyoze. Koma yureya wothiridwa kamodzi pa mchenga wopanda zinyalala zoola amangodyedwa pang'ono, wotsala n'kutsika ndi madzi.

Alimi ena kuno amakwirirabe udzu, ena amasakaniza nandolo ndi mtedza, zomwe tinthu totupa ta pamizu yake timakoka nayitrojeni mumpweya. Ambiri amatentha mapesi ndi udzu mu Okutobala kuti kulima kufulumire, ndipo nayitrojeni wa m'zinyalalazo amakwera kumwamba ndi utsi.