Nzeru Yogwira Zitsulo Inayambira M'munda

Mlimi wa fodya ku Mponela kapena wa chimanga m'mbali mwa phiri la Ntchisi akathira feteleza, mvula siyikokolola mchere wonse tsiku lomwelo. Dongo ndi manyowa zimagwirako wina n'kumaupereka ku mizu pang'onopang'ono. Akatswiri amati zimenezi ndi ion exchange: dothi limagwira mchere wina n'kutulutsa wina.

Mu 1850, ku England, H. S. Thompson ndi J. Thomas Way analemba zomwe anaona atathira madzi a feteleza wa amoniya m'dothi. Amoniyayo anatsalira, pansi panatuluka kashiamu. Mu 1935, Adams ndi Holmes anapanga utomoni wochita ntchito yomweyo. Pambuyo pake kunabwera ulusi womwe umapana chitsulo chimodzi ngati nkhanu, n'kusiya zina zidutse. Pakati pa 1999 ndi 2001, akatswiri a ku Japan anaviika ulusi wotere m'nyanja yamchere ndipo anakolola pafupifupi kilogalamu imodzi ya yureniyamu, chonsecho m'madzimo chitsulochi n'chochepa kwambiri: magawo atatu pa magawo biliyoni.

Kuno kwathu lusoli linagwira ntchito ku Kayelekera ku Karonga, mgodi womwe kampani ya Paladin inatsegula mu 2009. Timibulu ta utomoni tinkatola yureniyamu m'phala la miyala yogaya, iye n'kumapita kunja. Koma isanafike nthawiyo, mu 2006, akatswiri a ku Chancellor College, kuphatikizapo Sajidu, Mataka ndi Masamba, anali atasonyeza kuti ufa wa njere za chamwamba umachotsa mtovu m'madzi.

Mbiri imeneyi imandipatsa funso. Chitsulo chikakhala cha malonda, ndalama zochigwirira zimapezeka msanga. Nanga chikakhala m'chitsime chomwe ana akumwa? Mtovu suoneka ndi maso, ngakhale uwiritse madzi suchoka, koma umawononga ubongo wa mwana.

Ine ndikuona kuti ife ophunzira tiyambire pomwe Way anayambira. Tiyeze madzi a m'zitsime za ku Dowa ndi Ntchisi, tiyesenso dongo ndi chamwamba chathu ngati zosefera zotsika mtengo. Tisaiwalenso mitengo: dothi lapamwamba likakokoloka m'mapiri opanda mitengo, timataya sefa yomwe fakitale iliyonse yakhala ikungotsanzira.