Zimene Mgodi Unaphunzitsa Aneurin Bevan

Kumwera kwa dziko la Wales, m'cisumbu ca Britain, kuli zigwa zazitali zimene kale zinali zodzala ndi migodi ya malasha. M'cimodzi ca zigwazo muli mzinda waung'ono wochedwa Tredegar. Kumeneko, pa 15 November 1897, kunabadwa mwana wamwamuna dzina lace Aneurin Bevan, amene pambuyo pace anakhala Nduna ya za Umoyo m'Boma la Britain. Munthu ameneyu anadziwika ndi makhalidwe awiri. Loyamba, atakula sanakhale wa mpingo uli wonse, koma anaika cikhulupiriro cace mwa anthu anzace. Laciwiri, pa zandale sanalole kuti akulu a cipani cace amuuze zoganiza. Akale anati mmera mpoyamba, ndipo wofuna kumvetsa makhalidwe awiriwa ayenera kuyang'ana kumgodi kumene iye anakulira.

Atate ace, David Bevan, anali okumba malasha, a mpingo wa Baptist, ndiponso okonda mabuku. Amai ace, Phoebe, anali osoka zobvala, a mpingo wa Methodist. Anabala ana khumi, koma angapo anamwalira akali aang'ono, monga momwe zinali kucitikira m'nyumba zambiri za anchito masiku amenewo. Cotero Aneurin analeredwa m'nyumba yopemphera, koma yodziwa maliro. Kusukulu sanakhoze bwino, pakuti anali wacibwibwi, ndiponso sanamvane ndi mphunzitsi wamkulu. Ali ndi zaka 13 anasiya sukulu, ndipo posacedwa anayamba nchito m'mgodi wa Ty Trist.

Pansi pa nthaka anaphunzira zinthu ziwiri. Coyamba ciri codziwika kwa munthu ali yense amene anatsikapo m'mgodi: moyo wa wina uli m'manja mwa mnzace. Denga likayamba kulira, palibe amene afunsa ngati womucenjeza ali wa mpingo wanji, kapena ngati apemphera konse. Cofunika ndico kuti akhale munthu wosathawa yekha. Mnyamatayo anazolowera kuyesa munthu ndi nchito zace, ndipo muyeso umenewu sanausinthe kufikira imfa yace.

Caciwiri cinali cowawa. Pa 14 October 1913, Bevan ali ndi zaka 15, mpweya woipa unaphulika m'mgodi wa Senghenydd, m'cigwa cina ca dera lomwelo, nupha anchito 439. Ofufuza anapeza kuti malamulo ena ocinjiriza anchito sanasungidwe. Mlandu utaweruzidwa, mkulu woyang'anira mgodiwo analipitsidwa mapaundi 24, ndipo kampani inalipitsidwa mapaundi 10. Pa zoopsya zotere anthu ambiri amatonthozana kuti ndi tsoka, kapena kuti ndi cifuniro ca Mulungu. Koma anyamata ambiri a m'zigwazo anayamba kufunsa kuti, ngati lamulo linalipo ndipo eni mgodi sanalisunge, mwini mlandu ndani?

Funso lomwelo linalowa m'nyumba ya Bevan m'caka ca 1925, pamene atate ace anamwalira ndi nthenda ya pfumbi la malasha, mbale wace wa nthenda ija ya m'cifuwa imene okumba miyala ya mkuwa aidziwa bwino. Banja silinalandire malipo, cifukwa pa nthawiyo lamulo linali lisanabvomereze kuti nthendayo icokera ku nchito. Bevan anaona kuti pfumbi linali ndi mwini wace, ndi kuti lamulo lomana akazi amasiye linalembedwa ndi anthu. Tsono ngati zowawa zotere zipangidwa ndi anthu, anthu omwewo angathe kuzicotsa, osadikira mphotho ya moyo wina.

Sukulu yace yeni-yeni inali nyumba ya mabuku ya Tredegar Workmen's Institute, imene anchito anaisunga ndi timakobiri tao. Akaweruka anali kubwereka mabuku a mbiri yakale, a za cuma, a nzeru zakuya, pamodzi ndi a Karl Marx. Cibwibwi cace anacigonjetsa pophunzira mau ambiri, kuti liu lina likamkanika agwire lina lofanana nalo. M'kuwerenga kumeneku ziphunzitso za mpingo zinaleka kumkhutitsa, ndipo anazisiya. Komabe sanasanduke mdani wa anthu opemphera. Ambiri amene anagwira naye nchito m'cigwirizano ca anchito, ndi ambiri amene anamsankha pa masankho, anali anthu a m'chalichi, ndipo iye anayenda nao pamodzi pa nkhani za malipiro, nyumba ndi mankhwala.

M'mzinda momwemo munali cinthu cina comsonyeza zimene anthu wamba angacite okha. Kuyambira m'caka ca 1890 anchito anali ndi bungwe la Tredegar Medical Aid Society. Munthu ali yense anali kusonkha pang'ono kucokera pa malipiro ace, ndipo ndalamazo zinali kulipira madokotala ndi anamwino, kotero kuti wodwala anali kulandira cithandizo wosaturutsa ndalama pa tsiku la matenda. M'kupita kwa zaka bungwelo linafika posamala pafupi-fupi anthu onse a m'Tredegar. Silinali mphatso ya anthu olemera, ndipo wothandizidwa sanayenere kugwadira munthu. Mutu umodzi susenza denga, koma mitu yambiri inalisenza, Bevan alikuona.

Ali ndi zaka 19 anasankhidwa kukhala mtsogoleri wa nthambi ya cigwirizano ca anchito a m'migodi kwao. M'caka ca 1919 cigwirizanoco cinamtumiza kukaphunzira zaka ziwiri ku Central Labour College mu London. Pobwera, kampani ya Tredegar Iron and Coal inakana kumlembanso, ndipo anakhala nthawi yaitali wopanda nchito. M'caka ca 1922 analowa m'kabungwe koyang'anira mzinda. Pa sitalaka yaikuru ya 1926, imene kwa anchito ena inatha m'masiku 9 koma kwa okumba malasha inakhala miyezi yambiri, iye anali mmodzi wa otsogolera kugawa cithandizo ku mabanja anjala. M'caka ca 1929 anthu a cigawo ca Ebbw Vale anamtumiza ku Nyumba ya Malamulo m'dzina la cipani ca Labour, ndipo anamsankhabe kufikira imfa yace. Mkazi amene anamkwatira mu 1934, Jennie Lee, nayenso anali mwana wa wokumba malasha wa ku Scotland.

Popeza mpando wace anaulandira kwa anthu a m'migodi, anadziona wamangawa kwa iwo koposa kwa akulu a cipani. M'caka ca 1939 cipani ca Labour cinamcotsa, pamodzi ndi Stafford Cripps, cifukwa colimbikira kuti zipani zonse zodana ndi ulamuliro wa mtundu wa Hitler zigwirizane. Anabwezedwa cakumapeto kwa caka comweco. M'nkhondo yaciwiri, pamene ambiri anaopa kutsutsa Winston Churchill, iye anamtsutsa poyera. M'caka ca 1944 anatsala pang'ono kucotsedwanso, cifukwa anakana lamulo lolanga oyambitsa sitalaka yosaloledwa, ngakhale kuti wobweretsa lamulolo anali Ernest Bevin, nduna ya cipani cace comwe.

Labour itapambana masankho a 1945, Clement Attlee anamuika kukhala Nduna ya za Umoyo. Atalimbana nthawi yaitali ndi bungwe la madokotala, pa 5 July 1948 anatsegula National Health Service, ndiyo njira yakuti munthu ali yense m'Britain alandire mankhwala ndi cisamaliro ca kucipatala wosalipira pakhomo, ndalama zace zicokere m'misonkho ya onse. Cimene Tredegar anacitira mzinda umodzi cinacitidwa tsopano m'dziko lonse. Koma mu April 1951, pa nthawi ya nkhondo ya ku Korea, Boma linafuna ndalama zambiri zogulira zida, ndipo nduna ya za cuma, Hugh Gaitskell, inalamula kuti anthu azilipirako pa magalasi a maso ndi mano oikirira. Bevan, amene pa nthawiyo anali atasamutsidwira ku unduna wa za Nchito, anatula pansi udindo wace. Harold Wilson anaturuka naye pamodzi. Ndalama zolipiritsazo zinali zocepa, koma iye anadziwa kucokera kwao kuti kandalama kocepa ndi kamene kamabweza wosauka pa khomo la dokotala.

Khalidwe lotere linali ndi mtengo wace, ndipo zina zinali zolakwa zace mwini. Lilime lace linali lakuthwa kopitirira. Mau onyoza cipani ca Conservative amene analankhula ku Manchester mu July 1948 anakwiyitsa anthu ambiri, napatsa adani ace cibonga comkanthira. M'caka ca 1955 anapikisana ndi Gaitskell pa utsogoleri wa cipani, nalephera. Ndipo mu 1957, pa msonkhano wa cipani ku Brighton, anakhumudwitsa ngakhale omtsata ace, pokana kuti Britain ataye yekha mabomba a atomu maiko ena asanabvomere kutaya ao. Ena anamucha wopanduka, koma iye analankhula cimene anaciona kuti ndi coona, monga anacitira kale kwa akulu a cipani.

Anamwalira ndi nthenda ya kansa pa 6 July 1960, ali ndi zaka 62. Mtembo wace unatengedwa kunka ku Wales, nutenthedwa popanda mwambo wa mpingo, pakuti mkazi wace sanalole kuti acitiridwe atafa cimene sanacikhulupirire ali moyo. Anthu a m'zigwa, opemphera ndi osapemphera omwe, anasonkhana paphiri kumlira. Pamalo ochedwa Waun-y-Pound, pamene anali kulankhula ndi makamu pabwalo, anaimikapo miyala inai: waukuru woimira iye, ndi itatu yoimira Tredegar, Ebbw Vale ndi Rhymney, mizinda imene inamtuma. Migodi ya Tredegar inatsekedwa kale, koma nchito ya cipatala imene anaiyamba mu 1948 ikali kuthandiza adzukulu a anthu amene anakumba naye malasha.